Chilumba cha Mozambique: Kumene Njira za Makolo Athu Zinali Kuthera

Ambiri a inu simunaonepo nyanja ya mchere, pakuti dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko ena ndipo lilibe gombe. Madzi amene muwadziwa ndi a m'mitsinje ndi m'madambo mwathu, amene m'chilimwe mwana awaoloka atangopinda kabudula. Lero tifuna kukutengani pa ulendo wa kum'mawa, kumene dzuwa lioneka ngati lituluka m'madzi, kuti tikaone mzinda wakale womangidwa pa kachilumba kakang'ono. Dzina lake ndi Chilumba cha Mozambique, ndipo pa Chipwitikizi amati Ilha de Moçambique.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Vubwi chitikhudza bwanji chilumba cha kutali chotere?" Funso limeneli ndilo tifuna kuyankha m'phunziro lino. Kwa zaka mazana angapo minyanga ya njovu ndi golide zochokera m'dziko la makolo athu zinali kufika pa chilumbachi zisanaoloke nyanja. Pambuyo pake anthu a mtundu wathu ogwidwa ukapolo anadzeranso pomwepo. Kuchokera komweko kunabwera nsalu, mikanda, ndi mau ena amene tiwalankhula tsiku ndi tsiku. Motero mlendo wochokera kwathu kuno akafika pa chilumbachi aona zinthu zimene makolo ake anazilipira ndi chuma chawo ndi moyo wawo.

Njira yopita kumeneko

Aphunzitsi, pachikani mapu a Afrika pakhoma, ndipo mwana mmodzi aloze ndi kamtengo pamene ife tili kuyenda. Tichoka ku Vubwi kupita ku Chipata, ndi kulowa m'Malawi pa chipata cha Mwami ndi Mchinji. Tipitirira Lilongwe, tifika ku Mangochi kumene mtsinje wa Shire uyambira, ndipo tikwera mapiri mpaka pa Chiponde. Tikaoloka malire pa Mandimba talowa m'dziko la Mozambique. Kuchokera apo msewu utitengera ku Cuamba, ndi ku Nampula, mzinda waukulu wa kumpoto kwa dzikolo, wozingidwa ndi mapiri a miyala oima okhaokha. Kuchoka ku Nampula patsala makilomita pafupifupi 180 kuti tifike kugombe. Ulendo wonsewu upitirira makilomita 1,000. Galimoto iutha m'masiku owerengeka, koma amalonda akale, atasenza minyanga pa mapewa, anali kuyenda miyezi.

Pofika kugombe muona ulalo wautali wopapatiza, wa makilomita oposa 3, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Pa ulalowu padutsa galimoto imodzi yokha, ndipo pali malo ena otambasuka apatsiranapo njira. Kutsidya kwake ndiko kuli chilumba. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 3, ndipo m'mimba mwake sichipitirira theka la kilomita. Ambiri a inu muyenda mtunda woposa pamenepa popita ku sukulu m'mawa. Komabe kachilumba kameneka ndiko kanapatsa dzina dziko lonse la Mozambique, ndipo kanali likulu lake kufikira chaka cha 1898.

Nyanja ndi mphepo

Chinthu choyamba chodabwitsa mlendo ndi nyanja yeniyeniyo. Madzi ake ndi a mchere, osamweka. Kawiri pa tsiku adzaza kufikira m'makoma a nyumba za m'gombe, ndipo kawiri aphwa ndi kubwerera kutali, kusiya mchenga ndi miyala poyera. Chochititsa zimenezi makamaka ndi mphamvu ya mwezi yokoka madzi a pa dziko lapansi. Madzi akaphwa amai atsikira kumeneko ndi zidebe kukatola nkhono za m'nyanja, monga amai a kwathu apita kudambo kukathyola ndiwo. Madzi akadzaza muona zombo za matabwa zoyenda ndi thanga limodzi la ngodya zitatu zili kubwera ndi nsomba. Zombo za mtundu umenewu zayenda pa nyanjayi kwa zaka mazana ambiri.

Kuti mumvetse chifukwa chake mzinda unamera pa malo opanda mtsinje ndi opanda minda, muyenera kudziwa za mphepo. Kuyambira mwezi wa Novembala kufikira Malichi, nthawi ya dzinja lathu, mphepo ya pa nyanjayi iomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo inali kubweretsa zombo za ku Arabia ndi ku India. Kuyambira Epulo kufikira Sepitembala itembenuka, ndipo inali kubwezera zombozo kwawo. Woyendetsa chombo akachedwa mphepo n'kutembenuka, anayenera kudikira miyezi yambiri pa malo abata. Chilumbachi chili ndi dooko lotetezeka ku mafunde, ndipo adani a kumtunda sakanatha kuchifika msanga. Ndicho chifukwa chake Aswahili, amene anali Asilamu, anamangapo mudzi wa malonda ndi wokhoma zombo Azungu asanabwere. Eni chilumbachi asimba kuti dzina lakuti Mozambique linachokera kwa mfumu yawo ina yotchedwa Mussa Bin Bique.

Katchalitchi ndi linga

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1498 zombo za Mpwitikizi wotchedwa Vasco da Gama zinaima pa chilumbachi pofuna njira ya ku India. M'chaka cha 1507 Apwitikizi anakhazikikapo, ndipo kuyambira pamenepo zombo zawo zochokera ku Lisbon zinali kupumira pomwepa, kutunga madzi, kukonza zoonongeka ndi kutsitsa odwala.

Tiyeni tsono tiyende kufikira kunsonga ya kumpoto. Kumeneko, pa thanthwe limene mafunde aligunda usana ndi usiku, pali katchalitchi koyera kotchedwa Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa m'chaka cha 1522. N'kakang'ono, kosakwana ngakhale ana a kalasi imodzi, koma akatswiri a mbiri akayesa nyumba yakale koposa zonse zomangidwa ndi Azungu zimene zikali chiimire kumwera kwa dziko lapansi. Ana a Giredi 6 ndi 7, chotsani 1522 pa chaka chino, ndipo mupeza kuti kapitirira zaka 500.

Pafupi pomwepo pali linga lalikulu la São Sebastião. Anayamba kulimanga m'chaka cha 1558, ndipo ntchitoyo inatenga zaka zoposa 50. Makoma ake ndi aatali ndi ochindikala, ndipo pamwamba pake pakali mizinga yachitsulo yoloza kunyanja. M'chaka cha 1607, ndiponso m'chaka cha 1608, Adatchi anabwera ndi zombo zankhondo kuti alande chilumbachi. Anatentha mudzi, koma lingalo linawakanika, ndipo anabwerera. M'kati mwa linga mlendo asalephere kuona nkhokwe yaikulu ya madzi. Popeza pa chilumbachi palibe mtsinje, amisiri anamanga madenga athyathyathya okhala ndi ngalande, kuti mvula yonse yogwa padenga itsikire m'nkhokwe ndi kusungidwa kufikira chilimwe. Nyumba zambiri zakale za mu mzindawu zinamangidwa motero. Inu amene mutchera ndowa pansi pa malata mvula ikamagwa mudziwa kale nzeru imeneyi.

Nyumba yofiira ya bwanamkubwa

Tikachoka ku linga tilowa m'dera lotchedwa Mzinda wa Miyala. Misewu yake ndi yopapatiza, nyumba zake ndi za miyala ya m'nyanja yomatidwa ndi njereza, ndipo zitseko zambiri ndi za matabwa olemera, ozokotedwa mwaluso monga achitira amisiri a ku India ndi a Chiswahili. Pakati pa derali, moyang'ana dooko, pali nyumba yaikulu yofiira yotchedwa São Paulo. Inamangidwa m'chaka cha 1610 ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti, ndipo pambuyo pake inasanduka nyumba ya bwanamkubwa. Lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mlendo aonamo mipando, makama ndi matebulo osemedwa ku Goa m'dziko la India, ndi mbale zadothi za ku China.

Poyenda m'misewu imeneyi mupezanso kachisi wa Ahindu, pakuti m'chaka cha 1686 amalonda a Chimwenye a ku Diu analoledwa kuchita malonda pano, ndipo ndiwo anali kubweretsa nsalu zambiri. Mupeza mzikiti waukulu wobiriwira m'mbali mwa nyanja, ndi chipatala chachikulu cha nsanamira zazitali chomangidwa m'chaka cha 1877. Matchalitchi, mizikiti ndi kachisi zonse zili pa kamtunda kamene munthu akayenda m'mawa umodzi.

Tsono, ana inu, imani pa bwalo la nyumba yofiirayo ndi kudzifunsa kuti: pa chilumba chopanda munda, chopanda mgodi, chopanda ng'ombe, chuma chomangira zonsezi chinachokera kuti? Chinachokera kumtunda, ndipo mbali ina chinachokera kwathu kuno.

Amaravi ndi malonda a minyanga

Makolo a Achewa anali kutchedwa Amaravi, ndipo mfumu yawo yaikulu inali Kalonga. Mbale wake Undi anapatukana naye ndi kukakhazika likulu lake ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete. Dziko la Undi linaphatikiza madera amene tsopano tiwatcha Katete, Sinda, Chadiza ndi Vubwi. Nthawi imeneyo malire a maiko amene muwaona pa mapu kunalibe. Mwambo unali wakuti alenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu mwini dziko. Mwa njira imeneyi minyanga inali kusonkhana kwa mafumu, ndipo iwo anali kuisinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda, zimene anali kugawira anthu awo.

Njira zazikulu zinali ziwiri. Yoyamba inali kutsikira ku Tete, kumene Apwitikizi anakhala kuyambira m'zaka za m'ma 1530. Kuchokera apo katundu anali kutsata mtsinje wa Zambezi m'mabwato, kupitirira Sena mpaka ku Quelimane, ndi kukwezedwa m'zombo za ku Chilumba cha Mozambique. Yachiwiri inali ya pansi, kudzera kumwera kwa nyanja ya Malawi mpaka ku Mossuril, mudzi wa kugombe wopenyana ndi chilumbachi. M'zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo anatchuka pa njira yachiwiriyi, ndipo chaka ndi chaka anali kufika ku Mossuril ndi mitolo ya minyanga. Minyanga yambiri inali kupita ku India, kumene anali kusema nayo zibangili za akwati.

Musaganize kuti makolo athu anali anthu ofooka pamaso pa alendowo. M'chaka cha 1608, chomwecho chimene Adatchi anazinga linga lija kachiwiri, mfumu ya Amaravi yotchedwa Muzura inatumiza ankhondo 4,000 kutsidya la Zambezi kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwenemutapa. M'chaka cha 1667 wansembe wina, Manuel Barreto, analemba kuti mphamvu za mfumu ya Amaravi zinali kumveka kufikira kugombe la kufupi ndi chilumbachi. M'zaka za m'ma 1700 kunapezeka golide m'dziko la Undi, ndipo anthu a ku Tete anabwera kudzamukumba cha ku Mano. Inu a ku Vubwi mudziwa kuti ngakhale m'zaka zathu zino anthu akhala akufuna golide m'mitsinje ndi m'mapiri a kwanuko.

Pali umboni wa malonda amenewa umene mlendo angathe kuugwira m'manja. Madzi akaphwa, ana a pa chilumbachi atola mumchenga timikanda takale ndi mapale a mbale za ku China, zimene mafunde azifukula m'zombo zomira kalekale. Mikanda ya mtundu umenewu ndiyo inali kulowa kumtunda kudzagula minyanga. Mukafika kunyumba mufunse agogo anu aakazi za mikanda imene agogo awo anali kuvala.

Munda wa Chikumbutso

Tifika tsopano pa mbali yowawa ya phunziro lathu, ndipo sitifuna kuibisa kwa inu. M'zaka za m'ma 1700 Afalansa anatsegula minda pa zilumba za Mauritius ndi Réunion, ndipo anafuna anthu ogwira ntchito popanda malipiro. Pambuyo pake zombo za ku Brazil ndi ku Cuba zinayambanso kubwera. Njira zomwe zija za minyanga zinasanduka njira za akapolo. Amakua, Ayao ndi Amaravi ambiri anamangidwa m'magoli, kuyendetsedwa kufikira kugombe, ndi kutsekeredwa m'nyumba zosungiramo katundu podikira zombo. M'dziko la Undi, Achikunda, amene anali asilikali a eni minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi, anasautsa midzi yambiri. Tiyeneranso kuvomera kuti mafumu ena ndi amalonda ena a m'Afrika momwemuno anagulitsa anzawo pofuna nsalu ndi mfuti.

Mverani mbiri ya chombo chimodzi. Pa 3 Disembala 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka pa Chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil, chitanyamula akapolo pafupifupi 500. Pa 27 Disembala chinagunda miyala pafupi ndi Cape Town ndi kusweka. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwanso komweko ku Cape. M'chaka cha 2015 akatswiri analengeza kuti apeza zotsala za chombocho pansi pa nyanja, ndipo dothi lochokera ku Mozambique linawazidwa pa madzi a pamalopo, monga tichitira pa manda a mbale wathu. Boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja m'chaka cha 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri.

Ena mwa ogwidwawo anafika kutali zedi. Mmishonale wina, Sigismund Koelle, anafunsa akapolo omasulidwa ku Freetown, ku Sierra Leone, mau a zilankhulo zawo, ndipo m'buku lake la m'chaka cha 1854 muli mndandanda wa mau a Chimaravi. Choncho ena mwa mau oyamba kulembedwa a chilankhulo chathu anachokera pakamwa pa munthu wochotsedwa kwawo mwa ukapolo.

Pa chilumbachi pali malo otchedwa Jardim da Memória, ndiko kunena kuti Munda wa Chikumbutso, otsegulidwa m'chaka cha 2007 pa malo a nyumba yakale yosungiramo katundu m'mbali mwa nyanja. Mulibe zambiri, koma makoma, mitengo, ndi mitu ya anthu yosema yoimira iwo amene anachoka osabwerera. Mlendo wa kwathu akafika pamenepa avule chipewa ndi kukhala chete pang'ono, monga tichitira podutsa pa manda, pakuti mwina ena mwa odzera pagombe limeneli anali a Phiri, a Banda kapena a Mbewe.

Mzinda wa Makuti

Theka la kumwera la chilumbachi ndi losiyana ndi la kumpoto. Litchedwa Mzinda wa Makuti, chifukwa nyumba zake kuyambira kale zinali kufoleredwa ndi makuti, ndiwo masamba a mtengo wa kokonati, ngakhale lero zambiri zili ndi malata. Anthu ochuluka a pa chilumbachi akhala kumeneku. Mukaima pa msewu muona chinthu chachilendo: nyumba zili m'munsi, kotero kuti madenga ena alingana ndi mapazi anu. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira Mzinda wa Miyala inakumbidwa pano, ndipo akapolo ndi antchito anamanga nyumba zawo m'maenje otsalawo. Mvula ikagwa yambiri madzi adzaza m'makomo mwawo. Mlendo wanzeru aona mbali ziwiri zonsezi, pakuti nyumba zazitali za kumpoto zinatuluka m'maenje a kumwera.

Kumeneku ndiko mukumana ndi eni chilumba. Ambiri ndi Amakua, ndipo chipembedzo cha ambiri ndi Chisilamu. Amai avala chitenje monga a kwathu, koma iwo achitcha kapulana. Muona ena atapaka kumaso phala loyera lotchedwa musiro, limene alipanga popera kamtengo pa mwala ndi madzi pang'ono. Alipaka pofuna kusalalitsa khungu ndi kudzikongoletsa. Pa masiku a chikondwerero amai avina gule wotchedwa tufo. Avala zitenje ndi mipango yofanana, andanda m'mizere, ndipo avina mofatsa ndi mapewa ndi manja, ng'oma zazing'ono zathyathyathya zikulira. Gule ameneyu anabwera pamodzi ndi Chisilamu, koma mukamuona mukumbuka magulu a amai a chimtali a kwathu ndi zitenje zawo zofanana. Pa chakudya mupatsidwa nsomba, mpunga wophika ndi madzi a kokonati, ndi matapa, amene ndi masamba a chinangwa osinja otendera. Mukalawa mudzati, "Uyu ndi chigwada."

Kutsika kwa mzinda ndi kusungidwa kwake

M'chaka cha 1818 malowa anapatsidwa ulemu wotchedwa mzinda, koma m'zaka zotsatira ulemerero wake unayamba kuchepa. M'chaka cha 1869 ngalande ya Suez inatsegulidwa, ndipo zombo za ku Ulaya zopita ku India zinaleka kuzungulira Afrika. M'chaka cha 1898 likulu linasamutsidwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Pambuyo pake dooko lakuya la Nacala, kumpoto pang'ono, linatenga zombo zikuluzikulu. Dziko la Mozambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, koma posakhalitsa munabuka nkhondo ya pachiweniweni imene inatha m'chaka cha 1992. Makolo anu akumbuka nthawi imeneyo, pamene othawa nkhondo anafika m'chigawo chathu ndipo ena anakhazikidwa ku Ukwimi, ndi pamene midzi ya m'malire inagona ndi mantha. Nkhondo yomweyo inathamangitsira anthu ambiri a kumtunda pa chilumbachi, ndipo Mzinda wa Makuti unadzaza koposa kale.

M'chaka cha 1991 bungwe la UNESCO linalemba chilumbachi pa mndandanda wa malo amene ali chuma cha anthu a pa dziko lonse. Bungwe lomwelo m'chaka cha 2005 linalemekeza Gule Wamkulu wa Achewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique. Koma kulembedwa m'buku sikuletsa khoma kugwa. Mchere wa m'nyanja udya njereza, mizu ya mitengo ya mikuyu ing'amba makoma a nyumba zosiyidwa, ndipo namondwe, monga uja wotchedwa Gombe wa m'chaka cha 2022, asasula madenga. Nyumba zina zakonzedwa ndi kusanduka malo ogona alendo, koma zina zikali mabwinja. Zikagwa zonse, umboni wa zimene taphunzira lero uchepa.

Zimene zinatsala pakamwa pathu

Ngakhale mwana amene sadzafika konse kugombe ali nazo zizindikiro za malonda amenewa. Chimanga, chinangwa, nshawa, mbatata ndi fodya ndi mbeu za ku America, zimene zinafika mu Afrika zombo za Azungu zitayamba kuoloka nyanja. Mau enanso tinawalandira kwa Apwitikizi. Iwo amati sapato, ife timati nsapato. Iwo amati carta, ife kalata. Chapéu ndi chipewa, janela ndi zenera, cama ndi kama, batata ndi mbatata, ndipo capitão ndi kapitawo. Makolo athu anawaumba mau amenewa kuti akhale bwino pa lilime lawo, ndipo lero ndi athu.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. M'chaka cha 1970 njanji ya ku Nacala inalumikizidwa ndi ya m'Malawi, ndipo m'chaka cha 2010 njanji ya pakati pa Mchinji ndi Chipata inatsegulidwa. Mukaika chala pa mapu muona kuti iloza ku gombe lomwe lija kumene amalonda a minyanga anali kupita. Ndiponso chaka ndi chaka, m'mwezi wa Ogasiti, Achewa a maiko atatu asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kudzalambira Kalonga Gawa Undi, monga makolo awo anali kuchitira malire asanalembedwe.

Wina wa inu adzakula ndi kuyenda ulendo umenewu, kapena ngati woyendetsa lole, kapena wamalonda, kapena mphunzitsi. Mukadzafika, mudzapereke moni kwa eni mudzi, mudzavale modzilemekeza pafupi ndi mzikiti, ndipo musadzajambule munthu musanapemphe. Safunsa anadya phula. Mudzafunse za khoma lililonse kuti analimanga ndani, ndi kuti chuma chake chinachokera kuti.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, thandizani ana kuchita izi:

1. Ajambule mapu oonetsa Vubwi, Chipata, Tete, mtsinje wa Zambezi, Quelimane, nyanja ya Malawi ndi Chilumba cha Mozambique, ndipo alembepo njira ziwiri za minyanga.
2. Alembe m'mizere iwiri zinthu zimene zinali kuchoka kumtunda ndi zimene zinali kuchokera kugombe.
3. Afotokoze chifukwa chake nyumba za mu Mzinda wa Makuti zili m'munsi mwa msewu.
4. Awerengere zaka zimene zinapita kuchokera pamene Vasco da Gama anafika kufikira pamene Mozambique analandira ufulu.
5. Afunse akuluakulu a m'mudzi mwawo zimene anamva za Achikunda, za minyanga ndi za mikanda, ndipo adzasimbire anzawo m'kalasi.

Phunziro lathu lathera pamenepa. Aphunzitsi ndi ana nonse, tsalani bwino kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.